Tinabwerera Tisanaone Greenwich

Ndinakwera ndege yoyendetsedwa ndi mkazi wanga kamodzi kokha. Linali Loweruka m'mawa, m'chilimwe chake chomaliza, ngakhale tonse awiri sitinkadziwa zimenezo.

Anali namwino pachipatala chachikulu cha ku Romford, ife tikukhala ku Lewisham, mumzinda wa London. Kum'mawa kwa Romford kuli kabwalo ka ndege ka udzu. Kumeneko n'kumene ankathera masiku ake opuma kwa zaka zitatu, kuphunzira kuyendetsa kandege ka mipando iwiri, kopepuka moti munthu mmodzi amakatulutsa m'shedi pokankha ndi manja. Amayi a kutchalitchi ankati ndamulekerera. Ndinkangomwetulira. Sankamudziwa.

Atalandira laisensi ndinapempha chinthu chimodzi: kuona Greenwich ndili kumwamba, iyeyo akuyendetsa. Tinakumana komweko, tili ku yunivesite.

Lachisanu, titadya, anayala mapu ake patebulo. Ine ndinkayesa kuti kumwamba kulibe malire, koma mapuwo anali mizere yokhayokha. Anandiuza kuti pamwamba pa London pali denga losaoneka: ndege zikuluzikulu zimayenda pamwamba pake, tindege ngati kake pansi pake. Kuzungulira bwalo lina, la ndege zikuluzikulu, la m'mbali mwa mtsinje wodutsa mumzindamo, malirewo amatsika mpaka pansi ngati mpanda. Kuti tione Greenwich bwino tinayenera kudutsa m'kati mwa mpandawo.

"Ndiye sitingalowe?" ndinafunsa.

"Akatilola tilowa. Pakhomo pa eni mumayamba ndi odi, bambo. Ndipo akati dikirani, musamve ngati ati fikani."

Anandifotokozeranso za thiransiponda, kabokosi kakuda ka kutsogolo kwa mpando wa woyendetsa. Rada, makina a pansi oonera ndege, ikafunsa, kabokosiko kamayankha kuti ndegeyo ndi iti, ndiponso yakwera motalika bwanji. Woyang'anira mlengalenga amakupatsa manambala anayi pa wailesi, iwe n'kuwalowetsa m'kabokosimo, basi waonekera pa kompyuta yake.

M'mawa mwake tinanyamuka kunja kuli mbee. Ndinagwiritsa lamba mpaka zala kuuma. Iye anali munthu wina m'mwambamo. Kunyumba ankalankhula mothamanga, kudumpha nkhani ina isanathe, koma pa wailesi mawu ake anali afupiafupi, ozizira. Maso ake sankakhazikika: kunja, pa mawotchi oonetsa liwiro ndi kutalika, kunjanso. Denga lija sanaliyandikire n'komwe. Anasiya mpata wa mafiti mazana angapo, akuti mphepo ikhoza kukukweza usakudziwa.

Titayandikira malire anaitana woyang'anira mlengalenga pa wailesi, ine ndikumva zonse m'mahedifoni. Mwamuna wa mawu ofatsa anamupatsa manambala anayi. Anawabwereza, n'kuwalowetsa. Panapita kamphindi. Kenako mwamunayo anati manambala akuwaona, koma kabokosi kathu sikakunena kutalika kwathu. Mkazi wanga anakazimitsa n'kukayatsanso. Sizinasinthe. Mwamunayo anapepesa, n'kunena kuti pali ndege zingapo zikutera, tikhale kunja kwa malire.

Patsogolo pathu, muchifunga chopepuka, ndinkaona nsanja za magalasi. Greenwich inali tsidya lina la mtsinje, pafupi kwambiri, koma sinkaoneka.

"Tangolowani pang'ono," ndinatero. "Mphindi ziwiri zokha. Si akuti sakutiona bwino?"

"Akutiona. Chimene sakudziwa n'chakuti tili pati m'mwambamu. Tikalowa, ndege ikutsika apoyo aipatutsa ngati ife tili paliponse, kuyambira pansi mpaka kumitambo. Muli anthu mmenemo."

"Koma woyendetsa ndinu."

"Woyendetsa ndine, inde. Koma kuno si kudimba kwa malume anga."

Anathokoza mwamuna uja, n'kupendeketsa phiko, tinakhota. Pobwerera anandilozera mlatho waukulu wa kum'mawa ndi zombo zonyamula katundu. Sindinayang'ane. Ndinali mwamuna wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, wa madigiri awiri, nditanyanyala ngati mwana womanidwa chitumbuwa.

Titatera sanathamangire kundipepesa. Anayamba walemba vutolo m'buku la ndegeyo. Anamata kapepala pa kabokosi paja kuti wokwera pambuyo pake aone, kenako anapita kukasaka makaniko kuseri kwa shedi. Ine ndinaima padzuwa, manja m'matumba. Pa basi ya ku Romford anandigunda ndi chigongono.

"Mlomowo muubweze, bambo, ungakole pachitseko. Akakonza tipitanso."

Ndinaseka ndisakufuna. Ndinapepesa tili m'sitima, ndipo iye anangoti njala yamupweteka.

Patatha milungu itatu anachita chizungulire ali pa shifiti. Anamuyeza, n'kumuyezanso. Tsiku limene tinamva zotsatira, titangofika kunyumba, anaimbira foni dokotala woona za oyendetsa ndege n'kumuuza zonse, jekete asanavule. Ankadziwa kuti amuletsa kuyendetsa ndege, koma palibe anamukakamiza tsiku limenelo. Mawu ake anali omwe aja a pa wailesi. Atatha anaika mapu m'dirowa n'kufunsa ngati tili ndi anyezi.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Za miyezi imeneyo sindilemba pano.

Chilimwe chotsatira anandiimbira mphunzitsi wake, mayi wachingelezi wa imvi amene anayendetsa tindege timeneti kwa zaka zambiri. Anati vuto la kabokosi kaja linali kawaya kamodzi, anakonza kalekale, ndipo ngati ndikufunabe ulendo uja akhoza kunditenga. Ndinakhala milungu iwiri ndisanayankhe.

Tinanyamuka m'kandege komweko, ine pampando womwewo. Pamalire mayiwo anaitana, anapatsidwa manambala, ndipo nthawi yomweyo anatilola kudutsa, n'kutiuza njira ndi kutalika koyendamo. Mtsinje unapindika pansi pathu. Ndinaona paki, phiri, nyumba zoyera za pa yunivesite, kabwato kakuchoka padoko. Zonse zinali zazing'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zinadutsa msanga.

Mayiwo anandiyang'ana. "Ndipemphe kuti tizungulire kamodzi? Mwina akhoza kulola."

Pa wailesi mwamuna wina anali kale kulankhula ndi ndege ina yobwera kudzatera.

"Ayi, mayi," ndinayankha. "Atilola kudutsa. Tiyeni tidutse."