Kanthu ka M'mutu mwa a Stelia

Pa Zalewa palibe amene sanalawepo pakamwa pa a Stelia. Ineyo ndagulitsa mtedza pambali pawo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zipsera ndili nazo. Amagulitsa manachesi ochokera kwawo ku Ligowe, beseni pamutu, ndipo basi ikangoima amakhala afika kale pawindo anzawo tisanadzuke n'komwe. Amene ankalimba nawo mtima ndi Agnes yekha, wa manachesi mnzawo. Awiriwa ankakangana tsiku ndi tsiku ngati anachita kulembedwa ntchito.

Mu Juni a Stelia anagwa pa njinga yamoto n'kumenyetsa mutu pamwala. Anawatumiza kuchipatala cha mumzinda kuti akawajambule m'mutu. Dokotala anati fupa lili bwinobwino, koma pachithunzipo paoneka kanthu kena kosakhudzana ndi ngoziyo.

"Kanthu kanji?" anafunsa a Stelia.

"Sitinganene panopa, mayi. Mwina ndi chotupa, mwina si kanthu. Mubwerenso tidzajambule ndi makina ena."

"Kanthu, komanso si kanthu? Kusukulu munakaphunzira zimenezo?"

Abwererako kawiri. Ulendo woyamba makina anali atawonongeka. Wachiwiri anawauza kuti dzina lawo silikuoneka pamndandanda, abwere mwezi wamawa. Nkhani imeneyi imandipsetsa mtima ngakhale mutuwo si wanga. Munthu umamuuza bwanji kuti mwina muli njoka m'nyumba mwako, kenako n'kumuti akagone kaye?

Tsopano mutu ukangowawa ndi dzuwa, amati kayamba. Akaiwala pamene aika foni, amati ndi komweko. Beseni analeka kusenza poopa kukafinya, amalinyamulira m'chiuno, ndipo liwiro lija linatha.

Koma chimene chikuwadya kwambiri ndi ifeyo. Nkhani itangomveka, tonse tinasanduka angelo. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzawaimbira nyimbo zapansipansi. Ine ndinayamba kuwapatsa mpando wanga. Agnes, amene kale ankawaitana kuti "iwe", anayamba kunena kuti "inu mayi", ndipo basi ikaima amabwerera m'mbuyo dala.

"Mwandiika kale m'manda eti?" anatikalipira tsiku lina. "Dokotala sakudziwa, inu mwadziwira kuti?"

Ulemu wathuwo unkawapweteka kuposa chipongwe.

Lachiwiri lapitali ndinawaona ndi maso angawa akukankha beseni la Agnes ndi phazi, dala. Manachesi anagubuduzika mpaka pakati pa msewu, ena n'kupondedwa ndi lole. Agnes anadzambatuka.

"Iwe Stelia! Maso ako ali kunkhongo? Mutu wakowo sukuyenda bwino eti?"

Mukanawaona a Stelia! Nkhope inawala, anamanga chitenje, manja m'chiuno, n'kukoka mpweya. Miyezi itatu anali asanaonekepo wamoyo chonchi. Ine mumtima ndinati lero kuli ntchito.

Koma Agnes anali atamva mawu ake omwe. Anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge.

"Pepani mayi," anatero motsitsa mawu. "Ndinaiwala."

Anagwada n'kuyamba kutola manachesi ake. A Stelia anaima pomwepo kukamwa kuli yasa, yankho lili kunsonga kwa lilime, wolilandira palibe. Patapita kanthawi anawerama n'kuyamba kumuthandiza kutola.