Mbuzi Zinkatsogola

Anansi akuwawula mbuzi m'mawa uno, ndipo fungolo landibwezera kwathu ku Malowera, chaka chimene tinabwerako ku Zambia komwe tinathawira nkhondo. Kusukulu ya ku Zambiako aphunzitsi ankanditcha "bulevu", Chingerezi chotanthauza mwana wosaopa, wothamangira patsogolo. Dzinalo ndinkalinyadira.

Popita kumunda wathu wakale, abambo anatsogoza mbuzi. Za mabomba okwiriridwa m'njira sindinkazidziwa. Ine bulevu kutsatira ziweto? Ndinathamanga kuzipitirira. Amayi anandikoka tsitsi, n'kundimenya mpaka mlomo kung'ambika.

"Ubulevu wakowo ukanausiya ku Zambia!"

Ndikali kulira, nthaka inaphulika. Mwendo wa mbuzi yathu yoyera unagwera pamapazi panga ukufuka utsi.

Amayi ndinawakwiyira mlungu wathunthu. Lero ndikakhudza chipsera cha pamlomochi, ndimayang'ana pansi: miyendo yanga ilipo yonse iwiri.