Mphako ya m'Khoma la Petronela

Anthu a ku Chilomoni amene anasoketsako zovala kwa Petronela Nakhumwa amakumbukira tepi yoyezera imene sinkachoka m'khosi mwake. Ena amakumbukiranso khoma la pabalaza pake, limene linamusowetsa mtendere zaka zambiri.

Khomalo anamanga ndi mwamuna wake, Ellard, pothandizana ndi mkulu wa Ellardyo, a Obed. Ellard ankasamalira maluwa kwa mzungu wina ku Sunnyside, ndipo kumeneko anaona malo osonkhapo moto m'khoma, utsi n'kumatulukira pachumuni. Anazitengera kunyumba ngati chimfine. Koma poyeza anayeza ndi mapazi, chumunicho n'kuthawira kukona, kufupi ndi zenera. Pambali pake anasiya mphako yofika m'chiuno, yoti muzikhala nkhuni monga kwa bwana. Nkhuni zake ziti? Moto anasonkhapo kamodzi kokha, ndipo utsi unadzaza nyumba mpaka aneba anathamangira ndi zidebe.

Petronela analimbana nalo khomalo zaka khumi ndi ziwiri. Akaika kabati ya mbale, inkaphimba theka la mphako, theka lina n'kumasuzumira. Akatembenuza mipando kuti iyang'ane chumuni, mlendo ankakhala atalozetsa nkhongo kuchitseko. Kalendala imene anapachikapo inachepa. Maluwa apulasitiki mphakoyo inawameza osaoneka n'komwe, ndipo chaka china nkhuku inaikiramo mazira.

"Bambo a Tadala, dzenje lanuli mutseka liti?"

"Mawa, mayi."

Mawalo silinafike. Ellard anamwalira mu June 1995 atadwala chaka chathunthu, matenda aja amene anthu sankawatchula dzina. Atangobwerako kumaliro ku Phalombe, Petronela analandira uthenga woti achibale a malemu afika Loweruka kudzaona za katundu. Iye ankadziwa tanthauzo lake. Chaka chapitacho anaona ndi maso ake mnzake wakutchalitchi atasiyidwa ndi mphasa yokha m'nyumba ya zipinda zitatu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mipando ndi bedi sizinamuvute mumtima. Chimene chinkamudetsa nkhawa ndi makina osokera. Anagula ndi Ellard, choncho pamaso pa achibale anali katundu wa malemu. Komatu makinawo ndi amene ankachepetsa kaunjika wa mumsika wa Ndirande ndi kusoka madiresi a nsalu za zipani zimene zinabwera ndi matipate. Ana ake awiri, Tadala ndi Brenda, ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha makina amenewo.

Lachinayi anamasula mutu wa makinawo n'kuulowetsa mumphako muja. Unakwana, koma gudumu lake linatulukira kunja pang'ono. Miyendo yachitsulo yopondera ija inakana kulowa, ndiye anaiphimba ndi nsalu yapatebulo n'kuikapo wailesi. Kenako anatola zidutswa zonse zotsala posoka n'kuyamba kuzilumikiza ndi manja, chitseko chili chotseka. Inatuluka nsalu yaikulu, yochokera pachumuni mpaka pachitseko cha kuchipinda. Ataikhomera, khoma lija linaoneka lowongoka kwa nthawi yoyamba, ndipo Petronela anamva kukoma mumtima, poti mmisiri ndi mmisiri ngakhale ali wamasiye. Apa ndi pamene analakwitsa. Akanangopachika chiguduli.

Loweruka lole inaima pakhomo dzuwa lili paliwombo. Munatsika a Obed, mlongo wawo a Modesta, ndi azibambo awiri onyamula katundu. Mipando inatuluka, bedi, kabati, zovala za malemu, mpaka makatani. Petronela anakhala pansi pakona, manja ali pamiyendo. Maso ake ankayang'ana paliponse kupatula pakhoma paja.

A Modesta atanyamula wailesi, nsalu yapatebulo inatsetsereka, chopondera chija n'kuonekera poyera.

"Alamu, mutu wake uli kuti?" anafunsa a Modesta.

"Tinagulitsa, achimwene anu ali kuchipatala."

"Ee? Kugulitsa mutu n'kusunga miyendo?"

Miyendo ija inakwezedwa palole. A Modesta anazungulira m'nyumba mopanda kanthu muja, kenako anaima kutsogolo kwa nsalu, manja ali m'chiuno.

"Koma ndiye nsalu! Iyi ikakhala bwino pabalaza panga. Achimwene, tazulani misomaliyi."

Mwa anthu onse, amene anatumidwa ndi yemwe anasanja njerwa za mphakoyo ndi manja ake. A Obed anayandikira n'kuika chikhatho pansalu, pamalo penipenipo. Zala zawo zinaima, kenako zinayenda mozungulira gudumu lija pang'onopang'ono. Anacheuka n'kumuyang'ana Petronela m'maso, ndipo chikhadabo chawo chinagogoda kawiri pachitsulo. Kwa Petronela zinamveka ngati belu la kutchalitchi.

"Iyi isiyeni," anatero a Obed. "Khomali ndi lankhungu, nsaluyi yaola kale kumbuyoku. Ndinamanga ndine, ndikulidziwa."

Anatuluka osatsanzika, lole n'kunyamuka.

Wina akanati ndi mwayi. Petronela sanaone choncho. Iye ankaganiza kuti munthu akabisira abale ake chinthu ndiye kuti akufuna kudzadya yekha, ndipo tsiku lina adzabwera mwakachetechete, popanda mboni. Kuyambira pamenepo ankasoka atakhala pansi, chitseko atakhoma, akupukusa gudumu ndi dzanja limodzi, lina likuwongola nsalu. Mkono unatupa. Galimoto ikangomveka ikutsika kamsewu kawo, ankanyamula makinawo n'kuwabweza mumphako, ulusi uli lendelende. Masiku ena ankanyamula kasanu. Makasitomala ankayamikira nsalu yapakhoma, ena mpaka kufuna kuigula, iye n'kumangomwetulira ndi mano okha. Mantha amenewo anakhala nawo zaka ziwiri.

Tsiku lina mu August 1997, masana, panamveka odi popanda galimoto. Mawuwo anawazindikira nthawi yomweyo. Anabisa makina, n'kusalaza nsalu, kenako anatsekula.

Akanapanda kumva mawu sakanawadziwa. Khosi la a Obed linkasambira m'kolala, ndipo buluku anamanga ndi chingwe. Maonekedwe amenewo Petronela anali atawaonapo kale m'nyumba yomweyo. Anawapatsa kampando, iwo anakhala n'kupuma kaye nthawi yaitali, maso ali pansalu ija. Petronela anaima pakati pa iwo ndi khoma, akudikira mawu amene anawaopa zaka ziwiri.

A Obed anatsegula jumbo n'kutulutsa mabuluku awiri.

"Alamu, onsewa akundivuka. Kwa matelala ena ndikuchita manyazi, amafunsa zambiri. Ndinati ndipite kwa inu, poti inu simufunsa."

Petronela analandira. Buluku loyamba silinamuuze kanthu. Lachiwiri, lotuwa, atalitembenuza anapeza msoko wake womwe m'chiuno. Linali la Ellard, limene analichepetsa kawiri iye akudwala, ndipo linapita palole tsiku lija pamodzi ndi makatani.

Misozi inamutuluka osaiitana. Anapita pakhoma, n'kuzula misomali umodziumodzi pamaso pa a Obed, nsalu ija n'kugwa pansi. Ananyamula makina kuwaika pakati pa balaza, ndipo anatsegula chitseko chonse kuti kuwala kulowe.

"Taimirirani, alamu, ndikuyezeni."

A Obed anaimirira atagwira khoma. Petronela anazunguliza tepi m'chiuno mwawo n'kuyang'ana pamene chala chake chinaima. Inali nambala yomwe ija ya Ellard mwezi wake womaliza. Sanaitchule, anangolemba ndi choko pabulukupo.