Makapu a Kuntchito kwa Bambo

Kapu yabuluu ija ndikadali nayo, yothyoka chogwirira. Dzina la kampani linafufutika, ndipo ngakhale nditalitchula palibe angalidziwe. Ana a masiku ano amayesa intaneti inagwa kumwamba ngati mvula. Zimandinyansa.

Bambo ankagwira ntchito kukampani yoyala zingwe zolumikizira makompyuta, kufupi ndi kwathu ku Manassas. Mapepala athu okhalira mu Amereka anali omangiriridwa pa ntchito imeneyo. Ikatha, kunali kulongedza tonse. Chaka cha 2000 aliyense kutchalitchi ankawapatsa moni ndi manja awiri. Amalume, oyendetsa takisi ku Columbia Heights, anagula masheya a kampaniyo osadziwa n'komwe kuti imagulitsa chiyani. Umbuli wokhawokha.

Chisanu chitabwera, Loweruka bambo ankanditenga kuofesi. Chipinda cha makina chinkazizira ngati firiji, chikung'ung'udza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Kenaka mashelefu ena anayamba kuzima. Panja, poimika magalimoto, malo ankangokulirakulira, ine n'kumasangalala pothamangitsa njinga.

Ndiye makapu anayamba kufika kunyumba. Mnzawo akachotsedwa ntchito ankatuluka ndi katoni, mlonda ali pambuyo, kapu n'kuiiwala padesiki. Bambo, munthu wosataya chinthu, ankaitola. Mayi anakana kumweramo. Ankati kwathu katundu wa malemu sagawana maliro ali m'nyumba. Bambo ankangoyankha kuti kampani imene yakwirira zingwe pansi pa misewu yonseyi singafe. Pa wailesi yakanema mivi yofiira ya mitengo ya masheya inkaloza pansi. Amalume anasiya kudzadya nafe Lamulungu. Foni ikalira, mayi ankayamba ayang'ana nkhope ya bambo.

Ine makapuwo ndinkawandandalika pawindo ngati asilikali. Ndikamaganiza lero, ndimafuna kudziwomba khofi.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinawapeza bambo atakhala kukhitchini dzuwa likadali, jekete osavula. Patebulo panali katoni, pamwamba pake kapu yothyoka chogwirira, tiyi ataumira m'kati.

"Nanga iyi ndi ya ndani?" ndinafunsa.

"Ndi yanga," anatero.

Mayi analowa kuchipinda, ndipo ndinamva akukoka sutikesi kunsi kwa bedi. Ine ndinatsuka kapuyo bwinobwino, n'kuiika pampata umene unatsala pawindo, mtima uli mbee kuti mzere wanga wadzaza.