Kupempha Mamililita kwa Aphunzitsi

Mdzukulu wanga akuwerenga mokweza za malita, ndipo mtima wanga wabwerera kukomboni ya mgodi ku Bindura.

Aphunzitsi athu, a Moyo, anathira madzi m'galasi lalitali lamizeremizere. "Mwana akatsegula m'mimba, mupatseni mamililita 750, shuga ndi kamchere." Ine ndinkayesa mamililita ndi mankhwala osaoneka okhala m'galasimo.

Mng'ono wanga Esinati atadwala mpaka maso kulowa, bambo ali pansi mumgodi, ndinathamangira kusukulu ndikulira. "Aphunzitsi, ndigawireniko mamililita!"

"Handei, tiye kwanu," anatero.

Anayeza mamililita 750 a madzi owiritsa m'botolo lasikwashi, n'kuthiramo shuga ndi kamchere, amayi n'kumamumwetsa Esinati ndi sipuni mpaka anayamba kuyamwa.

Esinati ndi gogo tsopano. Ndimathokozabe kuti aphunzitsi aja sanandiseke.