Laputopu Yosagona Pakhomo

Inu owerenga, ndinalakwira mwana wanga Esinati, ndipo ndinamulakwira ndikumwetulira, poganiza kuti ndachita zanzeru. Ndikulemba izi kuti wina asadzachite zomwe ndinachita ine.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani momwe munali magetsi. Esinati, mwana wathu woyamba, anadwala poliyo ali wamng'ono, choncho amayendera ndodo ziwiri. Atamaliza Fomu 4, anzake ena anayamba kuthyola tiyi, ena kugulitsa matimati ku Bvumbwe. Iye ankatsala pakhonde, kumangoona anthu akukwera zitunda ndi madengu kumsana.

Khirisimasi ina, mafoni a m'manja atangoyamba kufala, mng'ono wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi makompyuta awiri ogwiritsidwapo kale ntchito. Ina inali ya patebulo, ya bokosi lake ndi sikirini yaikulu ngati TV. Inayo inali laputopu. Anati ndisankhe imodzi, ikhale mphatso ya banja lathu.

Esinati anandigwira mkono. "Ababa, titenge ya patebuloyo. Izikhala pakona apa, ine ndiziphunzirapo kutayipa." Amayi ake anagwirizana naye. Mng'ono wanga nayenso anati, "Achimwene, ya patebulo ikavuta amangosintha kachipangizo kamodzi, basi." Koma ine maso anali pa chikwama chakuda cha laputopu. Pa esiteti yonse, onyamula chikwama chotere anali amanejala okha. Ndinauza mwanayo kuti laputopu njabwino chifukwa magetsi akathima siizima. Zinali zoona, koma si chimene ndinaisankhira.

Sindinaganizire kuti chinthu chonyamulika chimabwerekedwa. Sabata yoyamba ndinapita nayo ku ofesi kuti anthu aone. Aphunzitsi aakulu anaipempha kuti alemberepo mayeso. Itangobwera, abusa anatuma munthu. Kenako akapitawo, kenako msuweni wa akazi anga ku Nchilamwela, ati aonetse anthu zithunzi za ukwati. Ndikanakana bwanji, ine ndikumva kukoma kutchedwa bwana wa kompyuta? Ya patebulo ija palibe amene akanaisenza pamutu. Akanabwera kunyumba, n'kupeza Esinati, mwinanso n'kumupempha kuti awatayipire.

Ndikamafika kuchokera kuntchito, Esinati sankayamba kuyang'ana nkhope yanga, ankayang'ana paphewa. Akaona kuti palibe chikwama, ankangoti, "Mwaswera bwanji, ababa?" n'kundipatsa madzi akumwa. Tsiku lina ndinamupeza atajambula mabatani onse a kompyuta pa katoni ya sopo, zala zikuyenda pamenepo, milomo ikutchula zilembo. Ndinadutsa ngati sindinaone.

Patapita miyezi, ku ofesi yaikulu kunafunika wotayipa, ntchito yogwira uli pampando. Ndinathamanga kukaitanitsa laputopu kuti aphunzire m'masiku otsalawo. Amene anali nayo anaibweretsa panjinga, chiperoni chikuwaza, atangoikulunga m'chitenje. Sinayakenso. Wokonza wa ku Limbe anaitsegula n'kupukusa mutu.

Esinati anapitabe kukayesedwa. Ndinamuperekeza, n'kumasuzumira pawindo. Zala zake zinkapeza zilembo bwinobwino, koma sankadziwa kusunga zomwe walemba, poti katoni siphunzitsa zimenezo. Ntchitoyo inapita kwa wina.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka pakati pa tiyi, ndodo zake zikuterera m'matope. Ndinafuna kupepesa. Iye ndiye anayamba: "Ababa, musadandaule. Zilembo zonsetu ndinazipeza, munaona?" Ndinakhala pansi m'mbali mwa njira n'kulira, munthu wamkulu ine, othyola tiyi akundiona. Mwanayo anatsamira ndodo imodzi, dzanja linalo akundisisita kumsana.

Pano Esinati amasoka zovala pakhomo, ndipo makasitomala ali nawo. Sanandinenepo ngakhale kwa amayi ake, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri.

Inu owerenga, sindikunena kuti laputopu njoipa. Kwa munthu woyendayenda imathandiza. Koma musanasankhe, dzifunseni kuti adzaigwiritsa ntchito ndani, nanga tsiku lonse amakhala kuti. Musagulire maso a anthu. Ndipo mwana wofatsa akalimba mtima n'kukupemphani kanthu, chonde mumvereni. Wanga sanandipemphenso kanthu mpaka lero.