Chilombo Chotsata Nyali

Tepi ija inafika ku Nkopola m'thumba la alamu anga. Ankakonza zipinda pa loji ina, ndipo mlendo wina pochoka anaisiya pansi pa bedi. Inalibe chikuto, inalibenso chidindo cha a boma oyendera mafilimu. Masiku amenewo a chipani chimodzi, tepi yopanda chidindo inali mlandu wokwanira kulanditsa munthu vidiyo yake. Alamu ankadziwa zimenezi, koma anakaiika ndithu m'chisakasa chawo choonetsera kanema, chomwe ankachitchinga ndi mabulangete kuti masana mukhale mdima.

Ine ndinali pa holide, Fomu 3, ndipo ntchito yanga inali kuima pambali pa sikirini n'kumamasulira Chingerezi.

Filimuyo inali ya anthu okumba miyala pa dziko lina lakutali, lopanda dzuwa. Mumgodi mwawo munali chinthu chotsata kuwala. Ukayatsa tochi, chafika. Ndiye ankazimitsa nyali imodziimodzi, anthu anzeru zawo, mpaka kumayenda chopapasa makoma. Chimene ndimaikondera mpaka lero n'chakuti chilombocho sankachionetsa chathunthu. Pena ndevu zazitali ngati za mlamba zikudutsa pakhomo, pena kaphokoso konyowa chabe. Zotsalazo mutu wako unkamaliza wokha, ndipo pa zoopsa mutu wa munthu ndi mmisiri woposa onse opanga kanema.

Vuto linali batire. Linali la galimoto, lokalamba, ndipo linkafera pamalo amodzimodzi: mayi mmodzi wotsala akulowa m'chombo chothawira, basi sikirini bii. Alamu ankakana kuyambira pakati, ati obwera kumene angadandaule.

Ambiri oonera anali asodzi a usipa, poti masana ndiyo nthawi yawo yopuma. Mwa iwo munali siginala wina, chimunthu cha mapewa ngati chitseko. Siginala ndi amene amakhala yekha m'bwato la nyali, kukopa usipa kuti anzake auzinge ndi khoka lija la chilimira. Ameneyu ankanditcha "manja a sopo", ndipo anali atandinyamulapo ndi lamba wa kabudula pamaso pa atsikana a kumsika.

Tsiku lina batire litafa, anandikodola.

"Iwe manja a sopo, si umati umamva Chizungu? Zinatha bwanji?"

Mathero ndinali ndisanawaone, chimodzimodzi iyeyo. Ndinatsokomola monga ankachitira aphunzitsi athu a jogalafe.

"Achimwene, azungu aja ananena kale koyambirira, kungoti inu simunamve. Chilombo chija chinakwera nawo chombocho. Chinakagwera m'nyanja ina ya kuno ku Africa, yaitali, yopyapyala, ya mapiri uku ndi uku."

"Dzina lake?"

"Sanatchule. Anangoti muli tinsomba ting'onoting'ono tokonda nyali."

Siginala anaseka, koma anaseka yekha.

Madzulo ake mutu unamugwira. M'mawa mwake, m'mimba. Chilimira popanda siginala ndi nsalu chabe, choncho gulu lonse linangokhala pagombe likusoka mabowo omwe panalibe.

Mwini chilimira, bambo wa kofia yoyera wochokera ku Nkhudzi, anabwera kwa alamu. Sanakweze mawu.

"Achimwene, anyamata anga akuopa madzi omwe anakuliramo. Mawa muwaonetse mathero, aone kuti n'zabodza. Apo ayi, ndikafunsa kwa atcheyamani a chipani ngati tepi yanuyi inadutsa m'manja mwa boma."

Vidiyo ija ndiyo inkaveka ana a achemwali anga. Alamu sanandimenye, anangondimangirira batire panjinga kuti ndikalitchajitse ku boma. Ndinapalasa ndikuimba likhweru, pakuti nanenso ndinkafuna kudziwa mmene zinathera.

Mawa lake masana chisakasa chinadzaza mpaka pakhomo, mwini chilimira atakhala pampando wa kutsogolo. Alamu anathamangitsa tepi kufika pa chombo, kenako anandinong'oneza.

"Ukangonama liwu limodzi, ukagona kwa mayi ako ku Chowe."

Sindinaname. Panalibenso chomasulira, chifukwa mathero analibe mawu. Chombo chinagwera m'madzi, anthu a boti anamuvuula mayi uja, iye akumwetulira. Mtima wa alamu unakhala pansi. Koma chithunzi chinatsika pansi pa madzi, pomwe chombo chinamira, kanyali kofiira kakuphethira pambali pake. Kenako china chake chinadutsa pang'onopang'ono, kanyali kaja n'kubisika. Mayina a opanga filimu anayamba kukwera.

Alamu anagwira kumutu.

"Nyanja imeneyo ndi ya mchere," ndinatero ine, ndipo chinali choonadi chokhachokha. "Ndi ya kwawo, si yathu ino."

"Khala chete iwe," anatero siginala. "Zoona unanena kale dzana."

Mwini chilimira anavula kofia, napukuta thukuta. Kenako anatembenukira kwa alamu.

"Ibwezereni poyambirira. Sindinaone kuti chinalowa bwanji mumgodimo."

Za atcheyamani sanazitchulenso. Munthu sangakanene tepi yomwe iye mwini waonera ali pampando wa kutsogolo. Bamboyo anasamutsira siginala ku chingwe chokoka khoka, nyali n'kupatsa mphwake amene anali asanalowepo m'chisakasa, ndipo mphwakeyo anamuletseratu kulowamo.

Posachedwapa ndinaipeza filimu ija pa foni. Ndevu zija zikuoneka poyera kuti ndi mapaipi a labala. Komabe pamene kanyali kanabisika, ndinapeza kuti mapazi ndakweza pampando.

Siginala uja ndi nkhalamba tsopano, amakonza mabwato pamtunda. Tikakumana amandifunsabe ngati chinthu chotere chingakhale moyo mpaka pano. Ine ndimatsokomola kaye, n'kumuuza kuti zimenezi zimachedwa kukula.